Kodi Mzere wa Pamapu Ungalakwire Munthu?

Milandu ya malire siisowa pabwalo la mfumu ngakhalenso ku khonsolo ya mzinda. Wina wadzala khonje mkati mwa munda wa mnzake, wina wamanga mpanda wa njerwa molowerera puloti ya woyandikana naye. Anthu savutika kutchula dzina la mchitidwe wotere. Kumeneko n'kuba, ndipo ngakhale buku la Deuteronomo limaletsa kusuntha chizindikiro cha malire a munda wa mnansi.

Koma alipo malire ena amene sakhudza dothi la munthu aliyense. Awa ndi malire a dera la phungu wa nyumba ya malamulo. Akasunthidwa, palibe amene amataya mzere wa chimanga kapena khonde la nyumba yake. Tsiku la chisankho likafika, aliyense amalandira pepala limodzi, amachonga, n'kuliponya m'bokosi, ndipo mavoti amawerengedwa anthu akuona. Ndiye pamenepa pali chiyani choti n'kubedwa? Kodi mzere wojambulidwa pamapu, umene munthu sangauone poyenda mumsewu, ungathe kumulakwira?

Mbiri ya dera lina la ku America, lotchedwa Dera Lachisanu la chigawo cha Georgia, imathandiza kuyankha funso limeneli. Mtima wa derali ndi mzinda wa Atlanta, kwawo kwa Martin Luther King Jr. Pakati pa 1960 ndi 1995, mavuto ambiri okhudza malire a aphungu adaonekera m'chigawo chimenechi, ndipo angapo adakathera kukhoti.

Momwe mipando imagawidwira

America ndi dziko la chitaganya. Lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake komanso nyumba yake ya malamulo, ndipo pamwamba pa zonsezi pali boma lalikulu ku Washington. Nyumba ya malamulo ya boma lalikululi ili ndi mbali ziwiri. Ku Senate chigawo chilichonse chimatumiza anthu awiri, kaya n'chachikulu kaya n'chaching'ono. Ku House of Representatives kuli mipando 435 imene imagawidwa potengera kuchuluka kwa anthu, ndipo aphungu ake amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse.

Kuyambira 1790, dzikoli limachita kalembera wa anthu zaka khumi zilizonse. Kalembera akatha, chigawo chilichonse chimauzidwa mipando imene chapatsidwa. Malinga ndi kalembera wa 2020, mpando umodzi umaimira anthu pafupifupi 761,000, ndipo Georgia ili ndi mipando 14. Chimatsala ndi kudula chigawocho m'madera, dera lililonse ndi phungu wake mmodzi. M'zigawo zambiri ntchito imeneyi imagwiridwa ndi nyumba ya malamulo ya chigawocho. Izi zikutanthauza kuti chipani chimene chili ndi aphungu ambiri kumeneko ndicho chimagwira cholembera, ndipo gwero la nkhani yonseyi lili pamenepa.

Pamene munthu mmodzi ankalemera ngati atatu

Mu 1931 nyumba ya malamulo ya Georgia idadula chigawocho m'madera khumi. Pambuyo pake anthu ambiri adachoka kumidzi kukasaka ntchito ku Atlanta, mzinda n'kukula, koma malire adakhalabe momwe adalili. Kalembera wa 1960 adapeza kuti m'Dera Lachisanu mudali anthu 823,680, pomwe m'Dera Lachisanu ndi Chinayi, la kumapiri a kumpoto kwa chigawocho, mudali anthu 272,154 okha. Madera onse awiriwa adali ndi phungu mmodzimmodzi, ndipo ku Washington dzanja la phungu aliyense linkawerengedwa kamodzi. Choncho liwu la munthu mmodzi wa kumapiri linkalemera ngati mawu a anthu atatu a ku Atlanta.

Chodabwitsa n'chakuti palibe amene adadzuka usiku kukasuntha mwala. Cholakwacho chidabadwa chifukwa chongokhala chete. Aphungu a kumidzi, amene ankapindula ndi malire akalewo, ndiwo adali ndi mphamvu zowasintha, ndipo sadaone chifukwa chofulumira. Munthu amalakwa pa zimene wachita, amalakwanso pa zimene walephera kuchita pomwe udindo udali wake. Kusiya malire osawakhudza kwa zaka zoposa 30, ukudziwa bwino amene akulemera nawo ndi amene akupepuka, ndi chisankhonso chimene munthu ayenera kuyankhapo.

Kwa nthawi yaitali makhoti ankakana kulowerera. Mu 1946, pa mlandu wochokera ku Illinois, Khoti Lalikulu la dzikolo lidati nkhani zotere ndi za ndale, ndipo odandaula apite kukazikonza kudzera m'chisankho. Malangizo amenewa adali ngati kuuza munthu amene waberedwa pa sikelo kuti akayezetse dandaulo lake pa sikelo yomweyo. Maganizo adasintha mu 1962, pa mlandu wa Baker v. Carr wochokera ku Tennessee, pamene khotilo lidavomera kuti milandu ya malire likhoza kuimva. Zitatero, nzika za ku Atlanta, motsogozedwa ndi a James Wesberry, zidasumira bwanamkubwa wa Georgia, a Carl Sanders. Pa 17 February 1964 Khoti Lalikulu lidagamula mokomera odandaulawo. Woweruza Hugo Black, amene adalemba chigamulocho, adafotokoza kuti posankha aphungu a ku Washington, voti ya munthu mmodzi iyenera kulemera chimodzimodzi ndi ya mnzake, momwe zingathekere. Chaka chomwecho Georgia idadulanso madera ake.

Otsutsa chigamulochi sadali opanda mfundo. Woweruza John Marshall Harlan adati malamulo aakulu a dzikolo adasiya nkhaniyi m'manja mwa zigawo ndi aphungu, ndipo makhoti akulowa m'munda wa eni. Anthu a kumidzi nawonso adali ndi dandaulo lomveka. Phungu wa kumudzi amayenda mitunda italiitali kuti akumane ndi anthu ake, pomwe wa mumzinda amatha kuzungulira dera lake tsiku limodzi. Mizinda ili kale ndi ndalama, nyuzipepala ndi maofesi a boma. Ikapatsidwanso mipando yambiri, kodi mlimi adzamvedwa ndi ndani?

Dandaulo limeneli ndi loona, koma mankhwala ake ali kwina. Kutalika kwa mitunda kumathetsedwa ndi misewu, maofesi ndi zipangizo zothandiza phungu kufikira anthu. Kupeputsa liwu la wogulitsa tomato mumzinda sikukonza msewu wa kumudzi. Ndiponso amene amapindula ndi ndalama za mumzinda si onse okhalamo. Ambiri ndi anthu omwe aja adachoka kumudzi, akukhala m'nyumba za lendi, akugwira ntchito za malipiro ochepa. N'zovuta kufotokoza chifukwa chimene munthu yemweyo angakhalire wathunthu ali kumudzi, koma atangokwera basi n'kufika mumzinda n'kusanduka gawo limodzi mwa magawo atatu.

Pansi pa zonsezi pali funso lakuti voti n'chiyani. Ikadakhala mphotho ya nzeru, ophunzira akadalandira mavoti ambiri. Ikadakhala malipiro a msonkho, olemera akadalamulira. Ikadakhala ya dothi, mwini esiteti akadaposa antchito ake onse. Koma munthu amavota chifukwa lamulo limene aphungu apange lidzamumanga iyeyo. Lidzamudula msonkho, lidzaweruza mlandu wake, ndipo likhoza kutumiza mwana wake kunkhondo. Lamulo likamamanga onse mofanana, onse ayenera kukhala ndi gawo lofanana polipanga. Mapiri ndi maekala salipira msonkho ndipo salowa m'ndende, choncho alibe chifukwa chokhalira ndi phungu.

Chiwerengero chofanana sichikwanira

Kuchokera mu 1964 makhoti a ku America adalimbikira kwambiri pa kufanana kwa chiwerengero, moti mu 1983 adakana mapu a New Jersey ngakhale kuti kusiyana kwa dera lalikulu ndi laling'ono sikudafike pa munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse. Masiku ano madera ambiri a m'chigawo chimodzi amasiyana ndi anthu owerengeka chabe. Komabe madandaulo sadathe, chifukwa chiwerengero chikhoza kufanana uku chinyengo chili momwemo.

Chitsanzo chongoyerekeza chikhoza kuonetsa momwe izi zimachitikira. Pamalo ena pali mabanja 50. Mabanja 30 amakonda chipani choyamba, ndipo 20 amakonda chachiwiri. Pakufunika madera asanu a mabanja khumikhumi. Wojambula wina akhoza kuika mabanja 6 a chipani choyamba ndi 4 a chachiwiri m'dera lililonse. Akatero, chipani choyamba chitenga mipando yonse isanu, ndipo mabanja 20 aja atsala opanda wowalankhulira. Wojambula wina akhoza kuunjika mabanja a chipani choyamba m'madera awiri, 9 uku ndi 9 uko, n'kumwaza 12 otsalawo anayianayi m'madera atatu enawo, momwe mabanja a chipani chachiwiri akhale asanu ndi limodzi m'dera lililonse. Akatero, chipani cha anthu ochepa chipambana mipando itatu mwa isanu. M'mapu onse awiriwa dera lililonse lili ndi mabanja khumi ndendende, palibe voti yabedwa, ndipo palibe munthu wasintha maganizo. Chasintha ndi dzanja logwira cholembera.

Njira ziwirizi, kuunjika ndi kumwaza, n'zakale. Mu 1812 bwanamkubwa wa Massachusetts, a Elbridge Gerry, adasayina lamulo la malire okomera chipani chawo. Dera lina lidapindikapindika mpaka nyuzipepala ya ku Boston idalijambula ngati kanyama konga buluzi kotchedwa salamander. Pophatikiza dzina la bwanamkubwayo ndi la kanyamako padabadwa liwu lakuti gerrymander, limene likugwiritsidwabe ntchito mpaka lero ponena za kupotoza malire.

Ku Georgia njirazi zidagwiritsidwa ntchito pa anthu akuda. Lamulo la 1965 loteteza ufulu wovota lidawatsegulira khomo limene lidakhala lotseka kwa zaka zambiri, ndipo lidalamula zigawo za mbiri ya tsankho, kuphatikizapo Georgia, kuti zisasinthe malire popanda chilolezo cha boma lalikulu kapena cha khoti la ku Washington. Mu 1971 aphungu a chigawocho adajambula Dera Lachisanu mwa njira yakuti madera okhala anthu akuda adagawanika, ndipo nyumba za atsogoleri akuda amene ankadziwika kuti angapikisane nawo zidatsala kunja kwa mzere. Boma lalikulu lidakana mapuwo ndipo adakonzedwanso. Mu 1972 a Andrew Young, m'busa amene adagwira ntchito limodzi ndi Martin Luther King Jr., adapambana mpandowo. Adali munthu wakuda woyamba kuimira Georgia ku Washington patadutsa zaka pafupifupi 100. Mu 1982 khoti la ku Washington lidakananso mapu ena a derali, litapeza kuti adajambulidwa ndi cholinga cha tsankho.

Apa nkhani imafika povuta. Ngati kumwaza anthu akuda n'kulakwa, kodi kuwasonkhanitsa dala m'dera limodzi kuti asankhe phungu wawo n'kolungama? Kalembera wa 1990 atatha, Georgia idajambula Dera la 11 lochokera m'mphepete mwa Atlanta mpaka ku Savannah, mzinda wa kugombe la nyanja, mtunda wa makilomita oposa 400, kuposa wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Cholinga chidali choti anthu akuda achuluke m'deralo. Mu 1995, pa mlandu wa Miller v. Johnson, Khoti Lalikulu lidakana deralo, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, ponena kuti khungu ndilo lidatsogolera china chilichonse polijambula.

Mbali zonse ziwiri zidagwira chinthu choona. Mbali ina idakumbutsa kuti anthu amene adatsekeredwa kunja kwa zaka zambiri sangalowe ngati wojambula akunamizira kuti sakuona mbiri yawo. Mbali inayo idachenjeza kuti boma likamasanja nzika potengera khungu, limakhala likunena kuti anthu a khungu limodzi amaganiza zofanana, ndipo maganizo amenewa ndi omwe aja adabala tsankho. Mbiri ya Dera Lachisanu lenilenilo ikusonyeza kuti anthu si nyemba zoti n'kuzisanja m'malichero. A Young adapambana mu 1972 pamene ovota ambiri m'deralo adali azungu. A Wyche Fowler, mzungu amene adalowa m'malo mwawo mu 1977, adapambananso mu 1982 ndi 1984 pamene anthu akuda adali atachuluka m'deralo. Kenaka mu 1986 deralo lidasankha a John Lewis, amene adamenyedwa ndi apolisi pa mlatho wa ku Selma mu 1965 poguba kufuna ufulu wovota, ndipo adaliimira mpaka imfa yawo mu 2020.

Phunziro lake n'lakuti malire abwino amapatsa anthu mwayi weniweni wosankha, kenaka n'kuwasiya asankhe okha. Malire oipa ndi amene amaneneratu zotsatira ovota asadatuluke m'nyumba zawo. Pa chisankho, anthu ndiwo ayenera kusankha phungu. Mapu akapotozedwa, phungu ndiye amasankha anthu oti amuvotere, ndipo sakhalanso ndi chifukwa choopera aliyense wa iwo.

Chololedwa ndi cholungama

Tsankho la khungu pojambula malire makhoti a ku America amaliletsa. Nanga kukondera chipani? Mu 2016 chipani cha Republican chidapambana mipando 10 mwa 13 ku North Carolina, chikhalirecho mavoti ake adangopitirira theka pang'ono. Ku Maryland chipani cha Democratic chidajambulanso dera lina kuti chilande mpando wa anzawo. Milandu iwiriyi idafika ku Khoti Lalikulu, ndipo mu 2019, pa mlandu wa Rucho v. Common Cause, oweruza asanu mwa asanu ndi anayi adagamula kuti makhoti a boma lalikulu sangaweruze nkhani zotere chifukwa alibe muyeso wodziwira pamene kukondera kwapyola malire. Sadanene kuti mchitidwewo ndi wabwino. Adangoti si iwo oyenera kuuletsa.

Chigamulo chotere chimasiya katundu yense pa chikumbumtima cha ojambula. Kusowa kwa lamulo loletsa sikusandutsa choipa kukhala chabwino. Wogula soya amene akudziwa kuti sikelo yake imadya, koma akuigwiritsabe ntchito chifukwa oyendera masikelo safika kumsika umenewo, ndi wakuba ngakhale sadzalowa m'khoti. Chowiringula chofala n'chakuti a mbali inayo akuchitanso zomwezo, ndipo wosiya yekha adzagonja. Mawu amenewa ali ndi mphamvu, chifukwa n'zoona kuti chipani chimodzi chikasiya pomwe china chikupitiriza, chimataya mipando. Koma zimenezi zikungosonyeza kuti vutoli silingathe ndi kukoma mtima kwa munthu mmodzi. Pakufunika dongosolo lomanga onse nthawi imodzi.

Wodula asakhale woyamba kusankha

Dongosolo limeneli ana amalidziwa kale. Ana awiri akapatsidwa nzimbe imodzi, mayi wanzeru amauza mmodzi kuti adule, winayo asankhe. Wodulayo amayesetsa kuti mbali ziwirizo zifanane, chifukwa sakudziwa imene imutsalire. Mayiyo sadasinthe mtima wa mwanayo. Wangokonza zinthu mwa njira yakuti dyera lomwelo likakamize mwanayo kuchita chilungamo.

Malo ena adatsatira nzeru yofanana ndi imeneyi. Ku Canada, dziko linanso la chitaganya, kuyambira 1964 malire a aphungu a nyumba ya malamulo ya dziko lonse amajambulidwa ndi makomiti oima paokha, komiti imodzi m'chigawo chilichonse, wapampando wake ali woweruza milandu. Makomitiwa amamva maganizo a anthu poyera, ndipo aphungu akhoza kudandaula koma mawu omaliza si awo. Ku America komweko, chigawo cha Iowa chidakhazikitsa mu 1980 lamulo lakuti mapu azijambulidwa ndi ogwira ntchito za boma osakondera chipani. Iwowa saloledwa kuganizira komwe aphungu amakhala, chipani chimene anthu adalembetsa, kapena zotsatira za zisankho zam'mbuyo. Amawaphimba maso pa zinthu zimene zingawaike m'mayesero.

Wina akhoza kunena kuti palibe mzere wopanda zotsatira. N'zoona. Ngakhale wojambula wosakondera amapeza kuti anthu a maganizo ofanana nthawi zambiri amakhala pamodzi, makamaka m'mizinda, ndipo mapu alionse amakomera wina pang'ono. Ayeneranso kusankha pakati pa zinthu zabwino zimene zimakokana, monga kufanana kwa chiwerengero, kusang'amba pakati anthu amene amagula pamsika umodzi ndi kudalira chipatala chimodzi, komanso kuteteza magulu ochepa. Mapu angwiro kulibe. Komabe pali kusiyana pakati pa mvula imene yagwa mokondera munda wina ndi munthu amene wapatutsa ngalande usiku. Choyambacho anthu akhoza kuchipirira ndi kuchikonza. Chachiwiricho chimapha chikhulupiriro, ndipo anthu akataya chikhulupiriro pa chisankho amasiya kuvota kapena amafuna njira zina zoopsa. Funso loyesera mapu alionse n'losavuta kulifunsa: kodi wojambulayo akadawalandira akadakhala kuti iye ndiye ali mbali inayo?

Phungu ndi wa yani?

Malire akajambulidwa, funso lina limatsala. Kodi phungu amaimira ndani mwa anthu a mkati mwa mzerewo? Ku America mipando imagawidwa powerengera anthu onse okhala m'chigawo, kuphatikizapo ana ndi alendo amene alibe ufulu wovota. Kale sizidali choncho. Malamulo a 1787 ankawerengera akapolo asanu ngati anthu atatu pogawa mipando, koma akapolowo sankavota. Matupi awo ankaonjezera mphamvu za eni awo ku Washington. Lamulo limeneli lidafafanizidwa mu 1868. Likukumbutsa kuti kuwerengedwa ndi kuimiridwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Phungu amene mpando wake ulipo chifukwa cha anthu onse a m'deralo ali ndi ngongole kwa onsewo: amene adamuvotera, amene adamukana, ndi amene sangavote.

Dera Lachisanu lidakhalapo ndi phungu amene adamvetsa zimenezi. A Charles Weltner, mzungu wa ku Atlanta, adasankhidwa mu 1962. Mu 1964 adavomereza lamulo lothetsa tsankho m'malo odyera, m'mahotela ndi pantchito, pomwe aphungu ena onse a Georgia adalikana. Mu 1966 chipani chawo chidasankha a Lester Maddox kuti aimire ubwanamkubwa. A Maddox adatchuka chifukwa chothamangitsa anthu akuda pamalo awo odyera, ndipo adalolera kusiya bizinesiyo kusiyana ndi kuwagulitsa chakudya. Malamulo a chipani ankafuna kuti aliyense woimira chipanicho alonjeze kuthandiza anzake onse a pachisankho. A Weltner adali atapambana kale chisankho cha chipulula, koma adachotsa dzina lawo n'kutaya mpando wawo kuti asathandize munthu wotere. Patapita zaka adakhala woweruza m'khoti lalikulu la Georgia.

Palibe mapu amene akadakakamiza a Weltner kuchita zimenezi. Malire olungama amangoonetsetsa kuti phungu aziopa anthu ake mokwanira kuti aziwamvera. Kuti aziwalemekeza onse, ngakhale pamene kutero kukumutayitsa mpando, zimachokera mumtima mwa munthuyo. Dziko limafunika zonse ziwiri, ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake.

Kuno kwathu

Malawi si dziko la chitaganya ndipo mbiri yake ndi ina, koma funso la kulemera kwa voti silachilendo kwa anthu a m'mizinda yake. Malamulo aakulu a dziko lino amapereka ntchito yodula madera ku bungwe loyendetsa zisankho. Amati madera azikhala ndi ovota ofanana chiwerengero momwe zingathekere, poganiziranso kuthithikana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, komanso malire a maboma. Amatinso malirewo aziunikidwa nthawi ndi nthawi, ndipo nyumba ya malamulo ikhoza kuwavomereza koma siingawasinthe payokha. Pamfundo yakuti wodula asakhale woyamba kusankha, dongosololi lili bwino.

Komabe kuchokera pa chisankho cha 1999 dziko lidakhala ndi madera 193 omwewo kwa zaka zoposa 20, uku Area 25, Mtandire, Ndirande, Bangwe ndi Chibavi zikudzaza anthu. Ndi vuto lomwe lija la Atlanta isadafike 1964, la malire oima chilili pomwe anthu akusamuka. Madera adaunikidwanso ndipo pa chisankho cha 2025 adafika 229. Kuunikako kunali koyenera, koma mizinda siidasiye kukula, ndipo mapu amene ali olungama lero akhoza kuyamba kudya pakatha zaka zowerengeka. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Yankho la funso loyamba lija ndi lakuti inde, mzere wa pamapu ukhoza kumulakwira munthu. Umatero ukapeputsa liwu lake poyerekeza ndi la mnzake, kapena ukamuika dala pamalo pamene voti yake siingasinthe kanthu. Cholakwa chotere sichimveka kuwawa tsiku lomwelo, n'chifukwa chake chimakhalitsa. Chimadzaonekera mochedwa, pa sukulu imene ana akuphunzirira pansi pa mtengo kapena pa mpopi umene udauma kalekale, pomwe phungu mmodzi akulephera kufikira anthu ochuluka kuposa a anzake.

Nzika imene ikufuna kuteteza liwu lake ndi la anansi ake ili ndi zochita zingapo zosafuna ndalama. Iyenera kuonetsetsa kuti onse a m'nyumba mwake awerengedwa pa kalembera, chifukwa munthu wosawerengedwa sapezeka pamapu. Iyenera kulembetsa m'kaundula wa ovota kumene ikukhala. Ndipo bungwe loyendetsa zisankho likadzaitana anthu ku misonkhano yokambirana za malire, iyenera kupitako ndi mafunso ake: m'dera lino muli ovota angati poyerekeza ndi madera ena, mzerewu wadutsa pano chifukwa chiyani, ndipo ndani akupindula nawo. Mafunso amenewa ndi ofunika kuwafunsa ngakhale pamene mapuwo akukomera chipani chimene munthuyo amachikonda.